Ana akutsegula m'mimba, ena atuluka katsabola ku mkombaphala: tibweze ndani, titseke liti?

Nagama, wa komiti ya mkombaphala:

Moni nonse a pano. Ndili m'komiti yoyang'anira sukulu ya mkombaphala ya m'mudzi mwathu, ndipo ndikupempha nzeru kwa a zaumoyo ndi alezi amene ntchitoyi anaizolowera. Ana tili nawo pafupifupi 60, a zaka ziwiri mpaka zisanu. Alezi ndi atatu, onse ongodzipereka. Chipinda n'chimodzi, chimbudzi chokumba n'chimodzi, madzi timatunga pa mjigo n'kusunga m'ndowa. Chiyambireni mvula matenda sakutha. Sabata ino ana asanu atsegula m'mimba, awiri atuluka katsabola, ndipo mlezi mmodzi naye m'mimba simuli bwino koma akubwerabe poti palibe womulowa m'malo.

Makolo agawikana. Ena akuti titseke mpaka matenda adutse. Ena akubweretsa ana odwala omwewo, akuti kunyumba kulibe wowasiyira nthawi yopalira ino, komanso phala la kuno ndiye chakudya chokha cha m'mawa. Tithandizeni: mwana wodwala timubweze liti, abwerere patapita masiku angati, klorini tisungunule motani, ndipo kutseka kumafunika zikafika pati?

Mlangizi Chirwa:

Amayi Nagama, ndiyambire pa kutsegula m'mimbako, chifukwa ndiko kungakuphereni mwana msanga kusiyana ndi katsabola. Ana asanu m'sabata imodzi pa malo amodzi si nkhani yodikira msonkhano wa komiti. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu lero. Mtsogolomu, ana awiri kapena kuposerapo akadwala mofanana m'masiku awiri, a zaumoyo adziwe. Koma wina akatsegula m'mimba mwa madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga, n'kumafooka mukuona, musadikire wachiwiri. Mutengeni ngati wa kolera mpaka achipatala atanena kuti si kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha womwewo. Kolera amaumitsa mwana wamng'ono m'maola ochepa chabe.

Mlezi wodwalayo apume kuyambira lero. Iye ndiye amagwira makapu, madzi ndi pakamwa pa ana onse 60, choncho mmodzi yekhayo akhoza kufalitsa matenda kuposa ana asanu aja. Mwana kaya wamkulu, abwerere patatha maola 48 chisiyireni kutsegula m'mimba ndi kusanza. Muziwerenga kuyambira pa chimbudzi chomaliza cha madzi, osati tsiku limene anayamba kudwala. Chifukwa chake n'chakuti tizilombo timatulukabe chambiri m'chimbudzi ngakhale munthu wayamba kupeza bwino.

Pa sukulu pasasowe Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa m'lita imodzi yathunthu ya madzi aukhondo. Vuto limene limachitika kawirikawiri ndi kuthira paketi yonse m'kapu imodzi poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu. Mchere umachuluka, ndipo mwana amauma kwambiri m'malo mochira. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse akapambuka, wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo 100 mpaka 200 ml, ndiye kuti theka la kapu mpaka kapu yodzadza. Akasanza, dikirani mphindi 10, kenako muyambirenso pang'onopang'ono ndi sipuni. Zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Ku kiliniki ya m'mudzi akalandire zinki, 20 mg pa tsiku kwa masiku 10 mpaka 14, amalize ngakhale m'mimba mwatseka. Chonde musagawire ana Flagyl kapena Bactrim wa pa golosale. Kutsegula m'mimba kwa ana kawirikawiri kumachokera ku mavayirasi amene mankhwalawa sawapha. Mukaona magazi m'chimbudzi, ameneyo ndi kamwazi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mwana amene maso alowa, sakukodza, kapena khungu la pamimba mukalitsina likubwerera mochedwa.

Tsopano kumene matendawa akudzera. Ndikukayikira zinthu zitatu. Choyamba, beseni limodzi losambira m'manja asanadye phala. Mwana woyamba ndiye amasamba, otsatirawo akungogawana litsiro la anzawo. Madzi akhale oyenda, a pa mpondagiya kapena othirirana ndi jagi, ndi sopo, kupaka kwa masekondi osachepera 20. Chachiwiri, ndowa ya madzi akumwa imene aliyense amaviikamo kapu yake pamodzi ndi zala. Madzi a pa mjigo amakhala abwino potuluka, amaipira m'ndowa. Pezani ndowa ya mpopi ndi chivundikiro, muthire WaterGuard chitsekerero chimodzi pa malita 20, mudikire mphindi 30. Madzi akakhala akuda ndi matope, muyambe mwawasefa pa nsalu yoyera, chifukwa dothi limadya klorini. Ngati mlangizi wakupatsani klorini wosungunula kale, tsatirani muyeso umene wakuonetsani, musamayerekeze ndi maso. Chachitatu, ana a zaka ziwiri ndi zitatu ambiri amaopa dzenje la chimbudzi ndipo amapita kuseri. Mvula ikagwa zonsezo zimayenderera pa bwalo losewerera. Pakhale mapoti, zoipa zitayidwe m'chimbudzi nthawi yomweyo, ndipo za pansi ziwoledwe ndi khasu lopatulidwira ntchito imeneyo.

Klorini wopukutira ndi wosiyana ndi wa madzi akumwa. JIK wamba wopanda zonunkhiritsa ndi wa 3.5 peresenti, onani pa botolo. Pa masanzi, chimbudzi ndi mapoti mumafuna 0.5 peresenti: kapu imodzi ya JIK, makapu asanu ndi limodzi a madzi. Pa simenti, zitseko ndi zidole za pulasitiki mumafuna 0.2 peresenti: 300 ml ya JIK m'malita asanu. Poviika zovala ndi makapu mumafuna 0.05 peresenti: 300 ml yomweyo m'ndowa ya malita 20. Ngati muli ndi klorini wa ufa wotchedwa HTH, sipuni yaikulu imodzi yosasefukira pa malita 20 imapereka 0.05, masipuni anayi amapereka 0.2. Pamene mukukayikira kolera, masanzi ndi chimbudzi zimafuna 2 peresenti, masipuni awiri a HTH pa lita imodzi, zikhale mphindi 15 musanataye.

Zimene zimasokoneza ndi izi. Anthu amathira klorini pamwamba pa masanzi n'kuganiza kuti athana nazo, pomwe mphamvu yake yathera pa zonyansazo. Chotsani ana pamalopo, valani magolovesi kapena majumbo m'manja, kwirirani ndi mchenga, wolani, tsukani ndi sopo, kenako muthire klorini n'kumusiya mphindi 15. Ngati pansi ndi pozira, palani dothi la pamwambalo lipite m'chimbudzi. Sungunulani watsopano m'mawa uliwonse m'chidebe cha pulasitiki, osati cha chitsulo, ndipo asakhale padzuwa. Musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, amatulutsa mpweya wotsamwitsa. Ndipo musasunge JIK kapena klorini m'botolo la zakumwa, mwana adzamwa.

Namwino Naphiri:

Achimwene a Chirwa afotokoza bwino za m'mimba. Ine ndikambe za katsabola ndi funso lotseka lija.

Choyamba tsimikizani kuti ndi katsaboladi. Katsabola ndi matuza a madzi oyabwa, oyambira pa chifuwa, kumsana, kumaso ndi m'mutu, ndipo amatuluka mosinthana: ena akuyamba kumene, ena ali ndi madzi, ena auma kale, pa thupi limodzi. Chikuku chimayamba ndi kutentha thupi kwambiri, chimfine, chifuwa ndi maso ofiira kwa masiku atatu kapena anayi, kenako nsungu zing'onozing'ono zopanda madzi, zoyambira kuseri kwa makutu ndi kumaso n'kutsikira m'thupi. Kusiyanitsaku n'kofunika kwambiri. Chikuku chimapha, chimachititsanso khungu, ndipo kachilombo kake kamatha kukhala mu mpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri wodwala atatuluka. Mu 2010 chinagwira anthu oposa 100,000 m'Malawi. Mwana mmodzi yekha wokayikitsa, achipatala adziwe tsiku lomwelo, chifukwa anzake osabayitsa akalandira katemera pasanathe maola 72 akhoza kupulumuka. Wodwalayo amafunika vitamini A wa kuchipatala, osati kumubisa m'nyumba, ndipo asabwere ku sukulu kwa masiku osachepera anayi chitulukireni nsungu.

Wa katsabola akhale kunyumba mpaka matuza onse atauma n'kukhala nkhanambo, kawirikawiri masiku asanu mpaka sabata. Zipsera siziletsa kubwerera. Azisamba ndi sopo, zikhadabo ziwengedwe, apakidwe kalamaini ngati alipo. Thupi likatentha amwe Panado basi. Asipirini ayi, amatha kuwononga chiwindi ndi ubongo wa mwana wa katsabola, ndipo mankhwala ena a mutu a pa golosale muli asipirini. Brufen nayenso ayi, amawonjezera chiopsezo cha zilonda zoopsa za pakhungu. Tuza likafiira mozungulira, kutupa n'kumatuluka mafinya, apite kuchipatala.

Kutseka sukulu chifukwa cha katsabola sindikuvomereza. Mwana amayamba kupatsira anzake tsiku limodzi kapena awiri matuza asanaoneke, ndipo amene watenga amaonetsa patatha masiku 10 mpaka 21. Ndiye amene atenga atenga kale, mudzawaona m'masabata awiri kapena atatu akubwerawa, kaya mwatseka kaya ayi. Mukatseka, anawo akaseweranso limodzi m'mudzi, kopanda mpondagiya, kopanda wowayang'ana, n'kutayanso phala. Chofunika ndi kudziwitsa makolo onse lero, makamaka a magulu amene katsabola amawavuta: amayi oyembekezera amene sanadwalepo katsabola, makanda obadwa kumene, ana onyentchera, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika. Amenewa akakhudzana ndi wodwala afunse achipatala msanga. Mlezi woyembekezera asasamalire mwana wa nsungu za mtundu uliwonse, chifukwa ngati ndi rubela, matenda a nsungu ofanana ndi chikuku, akhoza kupundula mwana wa m'mimba.

Kutseka kumayenera pamene a zaumoyo anena choncho, monga pa kolera, pamene madzi asowa, pamene chimbudzi chagwa kapena chasefukira, ndiponso pamene alezi athanzi atsala ochepa moti sangathe kuyang'anira ana. Mlezi mmodzi pa ana 60 ndi ngozi payokha.

Pa kutentha thupi, gulani themomita imodzi, si yodula. Mwana akafika 37.5 m'khwapa, itanani kholo ndipo akayezetse malungo tsiku lomwelo. Malungo sapatsirana pakati pa ana, koma kuchedwa kuyamba LA ndiko kumapha. Abwerere atatha tsiku lathunthu thupi losatentha popanda Panado. Chimfine wamba, mwana akusewera n'kumadya bwino, si chifukwa chomubwezera, mukatero sukulu idzatsala yopanda ana miyezi yozizira. Koma alezi aphunzire kuwerenga mpweya kwa mphindi yathunthu mwana ali phee. Wa chaka chimodzi mpaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposerapo, kapena m'munsi mwa nthiti mukulowa akamakoka mpweya, ganizirani chibayo. Ndipo pali zizindikiro zinayi zosadikira kuti kholo libwere kuchokera kumunda: kukomoka, kulephera kumwa, kusanza chilichonse, ndi kulefuka kosadzutsika. Nyamulani mwana, kholo likupezeni kuchipatala. Mwana akangofooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, a zaumoyo adziwenso, chifukwa poliyo anapezekanso ku Lilongwe mu Febuluwale 2022.

Pomaliza, onani mabuku a kusikelo a ana onse. Katemera wa chikuku ndi wa pa miyezi 9 ndi wachiwiri pa miyezi 15, ndipo wachiwiriyu ndiye makolo ambiri amaiwala. Musathamangitse mwana chifukwa cha buku losakwanira. Lembani mayina mupereke kwa mlangizi kuti awabaye.

Mayi Nyirenda, wophunzitsa alezi:

Zimene anena achemwali a Naphiri ndi a Chirwa n'zoona, koma lamulo la maola 48 silingagwire ngati kubweza mwana kukutanthauza kumulanda phala. Kholo lidzamumwetsa Panado m'mawa, kumuveka bwino, n'kunena kuti wagona bwino. Simungalidzudzule, likusankha pakati pa lamulo lanu ndi njala ya mwana wake. Komiti igwirizane kuti mwana wobwezedwa gawo lake lizimutsatira. Kholo libwere ndi kontena yake yovundikira, wophika athiremo osaigwira, kapena apatsidwe ufa wa masiku awiriwo. Mwana wotsegula m'mimba amafunika kudya kwambiri, osati kusala. Phala lophika lidyedwe pasanathe maola awiri, lotsala lisasungidwe kuti adye mawa.

Malamulowa akambidwe pa msonkhano wa makolo, a mfumu alipo, alembedwe pa pepala limodzi n'kumatidwa pa chitseko. Akangonenedwa pakhomo tsiku limene mwana wadwala, kholo limamva ngati mlezi akudana nalo, ndipo mlezi wongodzipereka sangakangane ndi mnansi wake tsiku ndi tsiku.

M'mawa mlezi mmodzi aime pakhomo polandira ana. Funso lakuti "ali bwanji?" silithandiza, aliyense amayankha kuti ali bwino. Afunse kuti usiku wapambuka kangati, wasanza kapena ayi, wamwa mankhwala aliwonse. Agwire pamphumi, ayang'ane maso, m'mutu ndi pakati pa zala. Zimatenga masekondi ochepa pa mwana. Wodwalira pa sukulu agonekedwe pakhonde pa mphepo, pa pepala la pulasitiki losavuta kutsuka, pamalo poti mlezi azimuona. Mphasa ikalowa masanzi siyera ndi kupukuta. Itsukidwe ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa tsiku lonse.

Pa ndalama, ndikusiyana pang'ono ndi a Chirwa. Ngati thumba likukwana chinthu chimodzi, gulani sopo musanagule JIK. Dulani mugogo wa sopo m'zidutswa, boolani pakati, mangirirani pa chingwe, ndipo muvundikire ndi theka la botolo la pulasitiki kuti mvula ndi mbuzi zisamalize. Sopo akatha, phulusa losefa ndi madzi oyenda n'kwabwino kusiyana ndi madzi okha. Mpondagiya mmodzi sakwanira ana 60, mzere ukatalika amathawa kukakhala pa phala osasamba. Mangani anayi kapena asanu, afupiafupi molingana ndi msinkhu wawo, wina pafupi ndi chimbudzi. Manja aume ndi mphepo. Ndipo taonani kansonga ka chitenje ka mlezi: kapukuta mamina a uyu, manthongo a uyo, kenako pakamwa pa wina. Matenda a maso ofiira ngati aja anavuta mu 2024 amayenda motero. Mwana aliyense abwere ndi kansalu kake komangirira pa malaya ndi kapu yake yolembedwa chizindikiro. Mawindo akhale otsegula ngakhale kuli chisanu.

Ntchito zigawidwe: wotaya mapoti ndi wosintha matewera asagawe phala tsiku limenelo. Komiti ikhale ndi makolo atatu kapena anayi ophunzitsidwa kale, oti akhoza kulowa m'malo mwa mlezi wodwala. Popanda zimenezi mlezi adzabwerabe akudwala, monga zilili panopa. Gulaninso kope limodzi: tsiku, dzina la mwana, chimene chaoneka, nthawi imene chayamba, chimene wapatsidwa, ndi tsiku lobwerera. Mlangizi akabwera, kopelo limamuonetsa msanga ngati odwala onse akuchokera mbali imodzi ya mudzi, zimene zimaloza ku chitsime cha kumeneko osati ku sukulu.

Nagama, wa komiti ya mkombaphala:

Zikomo kwambiri nonse. Mlangizi tamuuza, ndipo mlezi uja wapuma. Ndifunsenso ziwiri. Ana ena ali ndi mphere ndi zipere za m'mutu, nawonso tiwabweze? Komanso pali makolo akunong'ona kuti mwana wina amamwa ma ARV, akuti asamadyere limodzi ndi ana awo. Tiwayankhe motani?

Namwino Naphiri:

Amayi, za mwana wa ma ARV zitheretu lero. HIV sipatsirana pa kapu, pa phala, pa malovu, pa chimbudzi kapena posewera. Mwanayo sabwezedwa, sapatulidwa, ndipo za umoyo wake si zokamba pa msonkhano, ngakhale pofuna kumuikira kumbuyo. Makolowo auzidwe mwachidule kuti sukulu sikamba za matenda a mwana aliyense. Magazi a mwana aliyense akatuluka pa bala kapena m'mphuno, mlezi agwire atavala magolovesi kapena jumbo ndipo pansi patsukidwe ndi klorini wa 0.5 uja, kwa ana onse mofanana. Kunena zoona, amene ali pa chiopsezo ndi mwanayo, kuchokera kwa anzake a katsabola. N'chifukwa chake uthenga wa katsabola upite kwa makolo onse, kuti amene akudziwa za mwana wawo afunse kuchipatala popanda kulozedwa chala.

Mphere mumazidziwa ndi kuyabwa kwa usiku ndi tinsungu pakati pa zala, pa mfundo za manja, m'khwapa ndi m'matako. Mwana abwerere akangomaliza kupaka koyamba. Mankhwala opezeka kwambiri ndi benzyl benzoate, amene kwa ana amasungunulidwa ndi madzi molingana ndi msinkhu, choncho muyeso achite kukuuzani achipatala, wosasungunula amawotcha khungu. Apakidwe thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, osati pa nsungu pokha. Chimene chimalepheretsa kuchira ndi kupaka mwana yekha. Banja lonse lipake tsiku limodzi, ngakhale amene sakumva kuyabwa, chifukwa munthu amatha kukhala nazo masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi zisanayambe kumuyabwa. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki masiku osachepera atatu. Kuyabwa kumapitirira sabata ziwiri kapena kuposerapo mankhwala atagwira kale, kumeneko si kulephera kwa mankhwala.

Zipere za m'mutu sizitha ndi mafuta opaka, chifukwa zimakhala mkati mwa tsitsi. Zimafuna mapiritsi a griseofulvin kwa masabata osachepera asanu ndi limodzi, omwera pa chakudya cha mafuta monga phala la nsinjiro kuti alowe bwino m'thupi. Mwana akayamba mankhwala azibwera ku sukulu. Asabwerekane zipeso ndi zipewa, ndipo makolo asametere ana angapo lumo limodzi.

Chimodzi chimene simunafunse koma n'chokhudza alezi ndi ophika: aliyense wotsokomola kwa masabata awiri, makamaka ngati akuonda kapena kutuluka thukuta usiku, akayezetse makhololo, m'zipatala za boma n'zaulere. Akapezeka ndi chifuwa chachikulu apume mpaka achipatala atamulola, kawirikawiri patatha masabata awiri akumwa mankhwala, ndipo mayina a ana onse osakwana zaka zisanu amene amakhala naye m'chipinda aperekedwe kuchipatala kuti awunikidwe n'kupatsidwa mankhwala oteteza ngati n'koyenera. Mlangizi akakhala kutali, imbani ku Chipatala cha pa Foni.